Mwana wabadwa mutu kapena nkhope yosiyana ndi anzake: mafunso ndi mayankho kwa makolo a ku Zomba

Pali ana amene amabadwa mlomo wam'mwamba uli wong'ambika, ena m'kamwa chakumwamba muli mpata, ena mutu uli wautali kapena wopendekera mbali imodzi, enanso chibwano chaching'ono kwambiri kapena khutu losamalizika. Makolo awo amakhala ndi zofunsa zambiri, koma kusikelo mzere umatalika, ndipo mayi amaopa kuvundukula mwana pagulu. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamveka kawirikawiri kuno, m'tauni ngakhalenso kumidzi ya ku Chingale, Mayaka ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Werengani, koma mwanayo akaonedwebe ndi dokotala.

Kodi liwombo ndi matenda?

Ayi. Mwana aliyense amabadwa nalo, ndipo akadapanda kukhala nalo bwenzi zinthu zitavuta. Chigaza cha khanda si fupa limodzi. Ndi mafupa angapo ophwatalala omwe sanagwirane, olumikizidwa ndi mizere yofewa. Pamene mizereyo yakumana pamatsala malo ofewa awiri: liwombo lalikulu pamwamba pa mphumi ndi lina laling'ono chakunkhongo. Mulungu anakonza choncho kuti mutu upanikizike pang'ono mwana akamabadwa, komanso kuti ubongo upeze malo okulira. Ubongo wa khanda umakula mwamsanga zedi: mutu womwe pobadwa tepi imauzungulira masentimita pafupifupi 35 umafika cha m'ma 46 mwana akamakwanitsa chaka.

Liwombo lakunkhongo limatsekeka pa miyezi iwiri kapena itatu. Lalikulu lija limatsekeka pakati pa miyezi 12 ndi 18, ena mpaka zaka ziwiri. Kugunda komwe mumaona pamenepo ndi magazi akuyenda, sikuti pali chovuta. Mukhoza kusambitsa ndi kukhudza popanda mantha, chifukwa pansi pa khungu pali chikopa cholimba.

Agogo ake akufuna kumumata mankhwala paliwombo. Ndilole?

Ndikudziwa kuti kukaniza apongozi kapena amayi anu si chinthu chapafupi, makamaka mwana akangotuluka m'chikuta. Iwo amachita izi pomukonda mdzukulu wawo. Koma chonde awuzeni mwaulemu kuti paliwombo pazikhala poyera, chifukwa ndi pamene timaonera mmene mwana alili m'thupi. Phala lakuda lija likauma pamenepo limabisa zizindikiro ziwiri zofunika kwambiri.

Liwombo likalowa m'kati, kawirikawiri mwana watha madzi m'thupi, mwina chifukwa chotsegula m'mimba, kusanza kapena kusayamwa mokwanira. Mankhwala ake si omata ayi. Muyamwitseni pafupipafupi, mupatseni Thanzi ngati akutsegula m'mimba, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Liwombo likatukuka n'kulimba mwana ali chete, mutamukhazika tsonga, ndiye kuti m'mutu muli kupanikizika. Ngati watenthanso thupi, akukomoka kapena wasiya kuyamwa, mwina ndi matenda oumitsa khosi, ndipo zimenezo sizidikira kuti kuche. Potukuka mwana akulira, n'kubwerera akatonthola, palibe vuto.

Mwana wanga anabadwa mutu wosongoka. Ukhala choncho?

Nthawi zambiri ayi. Mutu umapanikizika panjira yobadwira, makamaka matenda akatenga nthawi yaitali, ndipo umabwerera wokha m'masiku ochepa. Ena amakhala ndi chotupa cha magazi pansi pa khungu mbali imodzi, chomwe chimatha m'masabata angapo. Musachiboole. Kuumba mutu wa khanda ndi manja kapena ndi nsalu yotentha sikusintha fupa, kumangomupweteka.

Palinso mutu wophwatalala kunkhongo chifukwa chogonera mbali imodzimodzi. Kwathu kuno sizichuluka, popeza ana athu amakhalitsa kumbuyo. Muzimusinthasintha mbali yoyang'ana pomugoneka, ndipo akakhala maso muzimusewetsa chafufumimba inu mukuona. Pogona tulo azigona chagada.

Nanga mutu ukapanda kubwerera, n'kumapitirira kupotoka?

Apa ndi pamene tiyenera kusamala. Pa ana pafupifupi 2,000 mpaka 2,500 obadwa, mmodzi amakhala ndi vuto lomwe madokotala amalitcha craniosynostosis: umodzi mwa mizere yofewa ija umagwirana msanga, mwina mwana asanabadwe n'komwe. Ubongo sudikira. Umakankhira komwe kudakali kofewa, monga limachitira dzungu lomera pakati pa miyala iwiri, ndiye mutu umatenga maonekedwe achilendo malinga ndi mzere womwe watsekeka.

Wotsekeka kawirikawiri ndi mzere wapakati, woyenda kuchokera paliwombo kupita kunkhongo. Mutu umatalika kutsogolo ndi kumbuyo n'kupyapyala m'mbali, ndipo izi zimaoneka kwambiri mwa anyamata. Ukatsekeka wapamphumi, mphumi imasongoka ndipo maso amayandikana. Ukatsekeka umodzi wa m'mbali, woyenda kuchokera paliwombo kutsikira kukhutu, mphumi imaphwa mbali imodzi ndipo diso la mbali imeneyo limaoneka ngati lakwera. Yendetsani chala pang'onopang'ono pamutu pa mwana mukamamusambitsa: pamzere wotsekeka mumamva kamtunda kolimba, kosasuntha.

Ana ambiri omwe watsekeka mzere umodzi wokha nzeru zawo zimakhala bwinobwino. Ikatsekeka ingapo, ubongo umasowa malo, ndipo maso ndi kakulidwe ka mwana zikhoza kuonongeka. Ana ena amakhalanso ndi maso otuluka, pakati pa nkhope polowa m'kati, ndi kupuma mochita mkonono. Zimenezi zimapezeka m'matenda otchedwa Crouzon ndi Apert, ndipo a Apert zala zawo zimakhalanso zomatana. Chithandizo chake ndi opaleshoni yotsegula mafupawo, yomwe imayenda bwino mwana asanakwanitse chaka. Ndi ntchito ya akatswiri a ubongo, ndipo asanaganize chilichonse amayamba ajambula mutuwo. N'chifukwa chake mawu oti "tiyeni tione kaye, akula nazo" amandidetsa nkhawa. Ngati pa miyezi iwiri kapena itatu mutu sukusintha, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu.

Mutu ukukula kwambiri, zipewa zikumuthina mwezi ndi mwezi. Ndi vuto la mafupa lomweli?

Limeneli ndi lina. Ndi madzi ochuluka m'mutu, hydrocephalus, ndipo mafupa amangotanuka potsatira madziwo. Ena amabadwa nalo, makamaka omwe ali ndi chotupa pamsana, koma ambiri kuno ku Africa limawayamba atadwala matenda a muubongo ali akhanda. Liwombo limatukuka, mitsempha ya pamutu imaonekera, maso amayang'ana pansi mbali yoyera n'kumaoneka pamwamba, mwana amasanza ndi kulira mokuwa. Madokotala amaika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba, kapena amatsegula njira m'kati mwa ubongo momwemo. Kufulumira kumapulumutsa maso ndi nzeru za mwana.

Mutu waung'ono kwambiri nthawi zambiri umatanthauza kuti ubongo ndi womwe sunakule bwino, mwina chifukwa cha matenda kapena mowa panthawi ya mimba. Kutsegula mafupa sikuthandiza pamenepa. Chothandiza ndi mafizo, zakudya zabwino ndi kumusewetsa mwanayo. Kusikelo amatanganidwa ndi kulemera, choncho inuyo pemphani anamwino kapena alangizi azaumoyo kuti ayeze mutu ndi tepi n'kulemba m'buku la mwana. Muyeso umodzi sunena zambiri, koma itatu yotsatizana imaonetsa komwe zinthu zikupita.

Mwana wathu wabadwa ndi mlomo wong'ambika. Ndinalakwa chiyani?

Mayi, simunalakwe kanthu. Ndikufuna izi zimvekenso kwa bambo a mwanayo, kwa amalume ake ndi kwa apongozi. Nkhope ya mwana imapangika kuchokera ku zigawo zomwe zimakula kuchokera m'mbali n'kukakumana pakati. Mlomo umagwirana pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7 ya mimba, ndipo kumwamba kwa m'kamwa kumatsatira m'masabata ochepa otsatira. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Zigawozo zikapanda kugwirana, pamatsala mpata: pamlomo pokha, m'kamwa mokha, kapena ponse pawiri, mbali imodzi kapena zonse.

Padziko lonse, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700 amabadwa chonchi, kwa olemera ndi osauka omwe, azungu ndi akuda omwe. Si ufiti, si kadamsana, si tsempho, ndipo sikuti mayi anaseka munthu wolumala kapena anayenda ndi mwamuna wina. Mwa ana ambiri sipapezeka chifukwa chimodzi choloza. Zomwe zimadziwika kuti zimaonjezera mpata woti zichitike ndi izi: kukhala ndi wachibale wobadwa chonchi kuchimuna kapena kuchikazi, kusuta fodya, mowa, matenda a shuga osasamalidwa, ndi mankhwala ena a khunyu monga valproate. Amene mukumwa mankhwala a khunyu musawasiye panokha, chifukwa kugwa muli ndi pakati n'koopsa kwambiri. Kambiranani ndi dokotala musanatenge mimba kuti aone ngati angakusinthireni.

Chimandiwawa n'chakuti pali abambo omwe amathawa banja chifukwa cha mlomo womwe madokotala amausoka mu ola limodzi kapena awiri. Amasiya mayi yekha panthawi yomwe ntchito yodyetsa mwanayo imafuna manja anayi.

Akayamwa mkaka ukutulukira m'mphuno, ndipo akuonda. Ndimudyetse bwanji?

Pa mafunso onse, ili ndiye lalikulu. Mpata wa pamlomo supha mwana, koma njala imapha, ndipo mwana woonda sangachitidwe opaleshoni.

Ngati wang'ambika mlomo wokha, ambiri amayamwa bwino. Bere lofewa limatseka mpatawo, kapena mukhoza kuutseka ndi chala chanu chachikulu mwana akuyamwa. Vuto limakula ngati m'kamwa chakumwamba mulinso mpata, chifukwa mwana sangakoke mkaka: mpweya umalowera kumphuno. Amaoneka ngati akuyamwa, kakamwa kakugwedera, thukuta lili pamphumi, kenako n'kugona. Mayi n'kumati wakhuta, pomwe wangotopa. N'chifukwa chake khanda lililonse liyenera kuonedwa m'kamwa ndi tochi mpaka kumbuyo, popeza mpata wina umabisala kukhosi mlomo uli wabwinobwino.

Mwana wotere mufinyireni mkaka. Sambani m'manja ndi sopo, finyirani m'kapu yotsuka bwino ndi madzi owira. Mukhazikeni pamiyendo panu ali tsonga, dzanja lanu litagwira kunkhongo, manja ake atafundidwa m'chitenje kuti asagunde kapu. Gunditsani kapuyo pamlomo wam'munsi, ipendeketseni mpaka mkaka ungokhudza mlomo, ndipo musiyeni azikhathira yekha ndi lilime. Musathire. Supuni yaing'ono imathandizanso masiku oyamba. Mkaka ukatulukira m'mphuno musachite mantha: imani pang'ono, mupukuteni, ayetsemule, kenako pitirizani. Ana amenewa amameza mpweya wambiri, choncho muzimuika paphewa kuti ageye kawiri kapena katatu pakudya kumodzi.

Adye maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, kosachepera ka 8 pa tsiku. Kudya kumodzi kusapitirire mphindi 30, chifukwa kupyola apo akutaya mphamvu zambiri kuposa zomwe akulandira. Khanda lomwe latha sabata limafuna mamililita pafupifupi 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Wolemera makilogalamu atatu ndiye kuti 450, kapena tinene botolo lagalasi la Fanta limodzi ndi theka, logawidwa tsiku lonse. Mkaka wofinya muusunge wovundikira pamalo ozizira, ndipo usapitirire maola anayi, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Muzimuikabe kubere ngakhale akukoka pang'ono, chifukwa zimathandiza kuti mkaka usaume.

Mudziwa kuti zikuyenda ngati akunyowetsa matewera kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira pa tsiku, ngati pomatha masabata awiri wabwerera pa sikelo yomwe anabadwa nayo, ndipo kenako akuonjezera magalamu 150 kapena 200 pa sabata. Miyezi yoyamba musadikire tsiku la sikelo la pamwezi. Kamuyezetseni pafupipafupi, ndipo akaima kapena kutsika, nenani msanga. Musamupatse phala, madzi a shuga kapena mkaka wa ng'ombe asanakwane miyezi 6. Ngati mkaka wanu sukukwanira, akuchipatala ndi omwe akuuzeni chochita. Mwana yemwe akutsamwa pakudya kulikonse, kusintha mtundu kapena kupuma mobanika, apite kuchipatala msanga.

Bambo, ntchito yanu ili apa. Mayi akufinya, inu mukhoza kumwetsa. Kutunga madzi, kuwiritsa kapu, kuonetsetsa kuti mayi wadya nsima yokwanira ndi ndiwo zabwino, zonsezi zimaoneka pa sikelo ya mwana.

Opaleshoni imachitika liti, nanga n'chifukwa chiyani anatibweza?

Mlomo amausoka mwana akafika miyezi itatu mpaka 6. M'kamwa amatseka pakati pa miyezi 9 ndi 18, mwana asanazolowere kuyankhula, choncho yemwe ali ndi mipata yonse iwiri amalowa kawiri. Madokotala amafuna mwana wolemera pafupifupi makilogalamu asanu, wa magazi okwanira, wopanda chifuwa, malungo kapena zilonda, chifukwa mankhwala ogonetsa safuna thupi lofooka. Kubwezedwa kumawawa, makamaka mutagulitsa nkhuku kuti mupeze ya kabaza ndi minibasi. Koma sikukanidwa ayi. Funsani chomwe chaperewera, pemphani akulembereni m'buku tsiku lobweranso, ndipo siyani nambala ya foni yomwe imagwira, ngakhale ya mnansi.

Akakuuzani ola losiyira kuyamwitsa opaleshoni isanachitike, tsatirani ngakhale mwana alire chotani. Kumuyamwitsa mobisa kukhoza kumutsamwitsa ali mtulo ta mankhwala. Akatuluka, zakudya zikhale zofewa, ndipo zala, supuni yolimba, chinangwa chouma kapena nzimbe zisayandikire pachilonda mpaka adokotala atalola.

Tiyambire kuti, ndipo zimafuna ndalama zingati?

Yambirani pachipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi Matawale, Domasi, Thondwe, Pirimiti kapena St Luke's ku Malosa. Iwo akulemberani kalata yopita ku Zomba Central Hospital. Zovuta kwambiri, monga za ubongo ndi chigaza, amazitumiza ku Blantyre ku Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja, komwe kuyambira mu 2017 kuli Mercy James Centre yochitira ana maopaleshoni. Bungwe la Operation Smile lakhala likusoka milomo ndi m'kamwa mwaulere m'Malawi muno kuyambira mu 2012, ndipo pa Zomba Central pomwe pano lagwirapo ntchito imeneyi. Anamwino ndi alangizi azaumoyo ndi omwe amamva msanga za nthawi yolembetsa, ndiye muziwafunsa.

M'zipatala za boma simulipira. Za mishoni zimalipiritsa zina, choncho funsani musanagonekedwe. Chomwe chimadya ndalama ndi ulendo ndi chakudya cha wodikirira. Ngati muli kutali, monga pachilumba cha Chisi kapena kuseri kwa phiri, mukhoza kuyamba mwaimba nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni.

Adzayankhula? Adzapita kusukulu?

Eya. Mpata wa pamlomo kapena m'kamwa pawokha sukhudza nzeru. Mwana yemwe watsekedwa m'kamwa panthawi yake amayankhula bwino, ngakhale ena mawu amatulukirabe m'mphuno ndipo amafunika kuphunzitsidwa katchulidwe kapena kuchitidwanso opaleshoni. Muzimuyankhula ndi kumuimbira kuyambira ali khanda.

Chomwe makolo ambiri sauzidwa ndi makutu. Ana omwe ali ndi mpata m'kamwa madzi amadzadza kuseri kwa nembanemba ya khutu, ndiye amamva mozimiririka. Mwana wosatembenuka mukamuitana, kapena wotuluka mafinya m'khutu, akaonedwe. Mano a pampatapo amamera mokhota kapena kusowa, ndipo ena nkhama zimafuna kuikidwa kafupa akafika zaka za m'ma 8 mpaka 11. Akamayamba sukulu, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake tsiku loyamba, kuti akhale kutsogolo ndiponso kuti maina onyoza athetsedwe asanazike mizu. Makolo a ana olumala ali ndi bungwe lawo la PODCAM, ndipo kucheza ndi mayi wina yemwe anadutsamo kumalimbitsa mtima kuposa mawu athu.

Chibwano n'chaching'ono kwambiri, kapena pali chotupa pakati pa maso. Zimenezi n'chiyani?

Khanda la chibwano cholowa m'kati lilime lake limagwera kukhosi n'kutseka mpweya, ndipo kawirikawiri limakhalanso ndi mpata m'kamwa. Madokotala amati Pierre Robin. Mwana wotere akagona chagada amabanika, pachifuwa n'kumalowa m'kati. Ameneyu asatuluke m'chipatala asanaonedwe bwino, ndipo kagonekedwe kake mukauzidwe ndi adokotala, chifukwa n'kosiyana ndi ka ana ena. Ambiri chibwano chimakula ndipo kupuma kumakhala bwino m'miyezi yoyamba. Ena amabadwa mbali imodzi ya nkhope ili yaing'ono, khutu losamalizika kapena tinyama patsogolo pa khutu. Amenewa choyamba n'kuyezetsa kumva.

Chotupa chofewa chobadwa nacho pakati pa maso, pamwamba pa mphuno kapena kunkhongo, makamaka chomwe chimakula mwana akalira, chikhoza kukhala ubongo kapena zokuta zake zomwe zatulukira pabowo la chigaza. Musachifinye, musachiboole, ndipo asatemepo mphini. Chikayamba kutuluka madzi, chiphimbeni ndi nsalu yoyera n'kunyamuka nthawi yomweyo.

Tikaberekanso, zidzachitikanso?

Ngati makolo nonse munabadwa bwinobwino ndipo mwana mmodzi ali ndi mlomo wong'ambika popanda vuto lina, mpata woti wotsatira akhale chimodzimodzi ndi wochepa, pafupifupi 4 pa 100. Umakwera ngati m'banjamo alimo angapo. Matenda ngati Crouzon ndi osiyana: kholo lomwe lili nawo likhoza kupatsira theka la ana ake, choncho funsani adokotala za mwana wanuyo payekha.

Mukamaganiza zotenga mimba ina, pemphani mapiritsi a folic acid mimbayo isanayambe, chifukwa amateteza kwambiri ku zotupa za pamsana ndi pamutu zija, ndipo amagwira ntchito m'masabata oyambirira. Amene amayamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu amakhala atachedwa pa zimenezi. Siyani fodya ndi mowa, yezetsani shuga, ndipo musamwe mankhwala ogula pagolosale kapena azitsamba osafunsa.

Mchimwene wanga ali ndi zaka 25 ndipo sanasokedwe. Nthawi inatha?

Sinathe. Mlomo umasokeka pa msinkhu uliwonse, ndipo achikulire ambiri anathandizidwa kale m'dziko muno. M'kamwa namonso mukhoza kutsekedwa, chakudya n'kusiya kutulukira m'mphuno, ngakhale kayankhulidwe ka munthu wamkulu sikasintha kwambiri ngati ka mwana. Apite ndi buku lake lakuchipatala pachipatala chapafupi, akapemphe kalata yopita ku Zomba Central, ndipo ngati amachita manyazi kuyenda yekha, mperekezeni.